Feteleza wotsika mtengo amayambira pa chitupa chanu

Ine ndine mlimi wachitsanzo kuno ku Dedza, ndipo anzanga ambiri amene ndimawaona akubwerera chimanjamanja ku depoti amakhala atagwa pa nkhani ya chitupa cha unzika. Nthawi ya FISP, ndondomeko ya boma ya feteleza wotsika mtengo imene inayamba mu 2005 pansi pa malemu Bingu wa Mutharika, tinkalandira makuponi apepala. Pamene ndondomeko ya AIP inkalowa m'malo mwake mu 2020, makuponi aja anatha, chitupa cha ku NRB, bungwe lopereka zitupa za unzika, n'chimene chinakhala kuponi. Choncho chitulutseni lero lomwe muchione. Ngati chinasowa kapena chinafufutika moti makina sangachiwerenge, pitani ku ofesi ya NRB kwa DC mvula isanayandikire. Mukadikira Novembala mudzapeza mzere wofika kumsewu.

Kenako fufuzani dzina lanu. Mayina amadutsa kwa alangizi ndi kwa amfumu, ndiye musakhutire ndi mawu akuti "munalembedwa". Pitani ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) kapena kumsonkhano wa m'mudzi, muone ndi maso anu kuti dzina ndi nambala zikufanana ndi za pa chitupa. Chilembo chimodzi chikaphonyeka, foni ya kalaliki imakukanani, ndipo kalalikiyo sangakonze kanthu pawindo.

Ndalama yoombolera imasintha. Mu 2020 thumba la makilogalamu 50 tinkaombola pa K4,495, chaka chotsatira K7,500, kenako K15,000. Mtengo wa chaka chino muumve pa wailesi kapena kwa alangizi, osati kwa munthu woima pachipata cha depoti. Ine ndimauza a m'kalabu mwathu kuti akagulitsa mbatatesi kapena nyemba, ndalama ya matumba awiri aipatuliretu, aiike ku banki mkhonde, chifukwa feteleza amafika mwezi umene m'nyumba mulibe kanthu.

Mavenda amadziwa bwino mwezi umenewo. Amabwera ndi ndalama m'manja, mwaulemu ndithu, n'kunena kuti muwabwereke chitupa akakuombolereni. Musapereke. Kandalama kameneko kamatha sabata isanathe, pomwe thumba lomwelo m'sitolo mtengo wake ndi wowirikiza kangapo, ndipo Febuluwale akafika mudzakhala mukupalira m'munda mwa venda yemweyo kuti mupeze ufa. Komanso ndi mlandu. Wina akakuuzani kuti muwonjezere "ya fanta" kuti mudumphe mzere, kaneni, mukanene ku komiti ya pamsika, kupolisi kapena ku ACB, bungwe lothana ndi ziphuphu.

Tsiku loombola lawirirani, mutenge chitupa, ndalama yokwanira ndendende ndi kamba, pakuti netiweki ikagwa mutha kuswera pomwepo. Mukapeza Urea yekha, tengani, koma funsani kalaliki akutsimikizireni kuti thumba la NPK likuonekabe kuti simunatenge. Risiti musasiye. Thumba lione kusoka kwake, ndipo ngati pali sikelo liyezeni musanalikweze panjinga.

Kumunda n'kumene ambiri timaluza. Matumba awiriwo, wokulitsa (NPK) ndi wobereketsa (Urea), ndi a munda wa ekala imodzi. Mukamwaza m'maekala atatu chifukwa chomvera chisoni mizere ina, chimanga chonse chimatuluka chachikasu. Dzalani Sasakawa, mbewu imodzi paphando, masentimita 25 kutalikirana, mizere masentimita 75. NPK thirani podzala kapena chimanga chikangomera, pogwiritsa ntchito kachitsekero ka botolo. Urea adikire masabata atatu kapena anayi chimere, mutapalira kale, nthaka ili yonyowa, ndipo mukwirire, chifukwa akasiyidwa pamtunda dzuwa likuswa mphamvu yake imauluka.

Ngati mwapeza thumba limodzi lokha, funsani alangizi akuonetseni kapangidwe ka manyowa a Mbeya. Timasakaniza feteleza pang'ono ndi ndowe, madeya ndi phulusa, n'kumanga m'thumba la pulasitiki masabata atatu. Ndiye ndowe ndi phulusa yambani kusonkhanitsa m'chilimwe, musanadziwe n'komwe ngati dzina lanu latuluka.