Mmene ndinathetsera vuto la zithunzi zakuda za mbalame ku Michiru

Kwa miyezi ingapo, zithunzi za apumbwa zomwe ndinkajambula m'phiri la Michiru zinkatuluka zakuda bii, moti nthenga sizinkaoneka n'komwe, ndipo zinkandipweteka mtima chifukwa ndinkaganiza kuti kamera yawonongeka. Vuto linali lakuti mbalame ikatera pa nthambi yapamwamba, kamera imayeza kuwala kwa thambo lomwe lili kumbuyo kwake n'kuchepetsa kuwala kolowa. Ndinakweza exposure compensation (poonjezerera kapena kuchepetsera kuwala kwa chithunzi pa kamera) kufika pa +1, kapena +2 kukakhala mitambo yoyera, ndipo shutter (kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera) ndinaiika pa 1/1000 ya sekondi kuti izitseka msanga, chifukwa pumbwa sakhazikika. Ndinayambanso kufika m'mamawa n'kuima dzuwa lili kumsana kwanga. Tsopano ngakhale nthenga zachikasu za pansi pa mchira wake zimaoneka bwino lomwe.