Momwe mungadziwire mtundu wa thabwa musanatulutse ndalama m'thumba

Chaka chatha ndinagula matabwa asanu omwe wogulitsa analumbira kuti ndi mbawa. Nditafika nawo kunyumba n'kudutsitsapo pulena kamodzi kokha, kufiira konse kunachoka, mkati munali moyera. Anali malaina opaka mankhwala. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndalamazo zinali za mayi wina amene ankayembekeza tebulo la mbawa. Kuyambira pamenepo sindikhulupirira maonekedwe a kunja kwa thabwa, ndipo popita kogula ndimatenga mpeni wakuthwa ndi kabotolo ka madzi.

Choyamba, palani pang'ono m'mbali mwa thabwa, kenako nyowetsani pamalopo. Madzi amaonetsa mtundu umene thabwalo lidzakhale nawo mukadzapaka vanishi. Mbawa yongopala kumene imakhala yofiirira mopepuka, ndipo imanka nidera ikamakhalitsa. Mlombwa ndi wofiirira mopita ku golide, wokhala ndi mizere yokhotakhota yokoma m'maso. Paini ndi woyera mopita ku chikasu, wodzadza ndi mfundo.

Chachiwiri, pitani kumutu kwa thabwa, kumene macheka anadula. Apa m'pamene mtengo umaulula zonse, choncho musafulumire. Palani kamalo kakang'ono ndi mpeni n'kuyang'anitsitsa padzuwa. Mitengo ya masamba otambalala monga mbawa, mlombwa ndi bulugamu imakhala ndi timabowo tambirimbiri ngati tobooledwa ndi singano, momwe munkadutsa madzi mtengo uli moyo. Paini alibe timabowo totere, koma mizere yake yozungulira imaoneka bwino, yoyera ndi yoderako mosinthanasinthana.

Muli pomwepo, onani ngati thabwalo lili ndi mitundu iwiri. Mbali yodera ndiyo mtima wa mtengo, yoyera ndi ya kufupi ndi khungwa. Chimene anthu amatamira mlombwa, kuti chiswe sichiudya, ndi mtimawo basi. Mbali yoyerayo imafumbwa ngati mtengo wina uliwonse. Ndaonapo zitseko zokongola za mlombwa zikutuluka ufa m'mphepete, chifukwa mmisiri anachita chisoni kutaya koyerako. Inu dulani n'kutaya, kapena mukuike mkati mosaoneka mutathira mankhwala.

Mizere yozungulira ija ikuuzaninso mmene thabwa lidzapindikire. Thabwa likamauma silifupika kwenikweni m'litali, limafota m'lifupi. Ngati mizereyo yagona ngati uta, thabwalo lidzapindika ngati mbale, m'mbali mwake mukuthawa kumtima. Ngati yaimirira kuchoka pamwamba kufika pansi, limenelo ndi thabwa lokhazikika, lisungireni pamwamba pa tebulo. Polumikiza matabwa a mizere yogona, tembenuzani lina uta uyang'ane m'mwamba, lotsatira uyang'ane pansi, kuti kupindikako kusapite mbali imodzi.

Chachitatu, nunkhizani pomwe mwapala paja. Paini amamveka utomoni, mlombwa uli ndi kafungo kabwino kakekake. Mukamva fungo lamphamvu lokoma la mkungudza, bwererani. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje ndi mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984, ndipo wadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Musakhale m'gulu la outsiriza.

Chachinayi, nyamulani thabwalo ndipo mulikande ndi chikhadabo. Paini ndi malaina n'zopepuka, chikhadabo chimalowa. Bulugamu ndi wolemera ndiponso wolimba, koma ali ndi khalidwe lovuta: amang'aluka kumutu ndi kupotoka pouma, ndipo msomali wokhomedwa kufupi ndi mphepete umamung'amba ngati simunayambe mwaboola. N'chifukwa chake amayenera kwambiri pa denga ndi mafelemu kuposa pa thabwa lotambalala la kabati. Paini wambiri amene timagula amachokera ku Chikangawa, nkhalango yomwe inadzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000 pamapiri a Viphya. N'ngosavuta kucheka ndi kupala, koma chiswe chimamukonda, ndiye asagunde dothi kapena khoma lonyowa popanda mankhwala. Mbawa nayo ili ndi kake: ulusi wake umapingasana, moti pulena yobuntha imazula m'malo mopala. Nolani mpeni wa pulena ndipo muzichotsa pang'onopang'ono.

Chomaliza, ndiponso chimene chimagwetsa amisiri ambiri, ndi kuuma. Thabwa laliwisi limazizira m'manja, limalemera mopitirira, ndipo utuchi wake umagwirana mukaufinya. Mipando ya m'nyumba imafuna thabwa lotsala ndi chinyezi cha maperesenti 12 kapena kuyandikira apo. Ngati mulibe kachipangizo koyezera, dulani kachidutswa, kaikeni pa sikelo sabata iliyonse n'kumalemba. Kulemera kukasiya kutsika, thabwa lauma. Malaina amachedwa kwambiri, kunja amaoneka ouma mkati muli madzi, ndiye apatseni nthawi.

Poumitsa, asanjeni pamthunzi podutsa mphepo, motalikana ndi dothi. Pakati pa thabwa ndi linzake ikani timitengo tofanana kukula, tolunjikana kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo pamwamba penipeni muike cholemera. Kumutu kwa thabwa lililonse pakani penti yotsala kapena phula la kandulo, chifukwa madzi amathawira kumeneko mofulumira ndipo mng'alu umayambira pomwepo.