Msomali Ugwira Malinga ndi Thabwa Lake

Amisiri ambiri akaona msomali ukuzuka amathamangira kugula wautali. Nthawi zambiri vuto silikhala msomali, limakhala thabwa.

Msomali umagwira chifukwa ukamalowa umakankha mnofu wa mtengo, ndipo mnofuwo umaufinya mbali zonse. Mtengo wolemera umafinya kwambiri. Thabwa likalemera kawiri kuposa linzake lofanana kukula, mphamvu yogwira msomali imachuluka kupitirira kasanu. Nchifukwa chake paini, amene ndi wopepuka, amalola msomali kulowa mosavuta komanso kuutaya mosavuta. Pa paini gwiritsani ntchito misomali yotalikirapo, makamaka yamizeremizere kapena yopota, ndipo ikhale yambiri. Kutalika kwa msomali kukhale katatu kuchindikala kwa thabwa limene mukukhomalo.

Mitengo yolimba ili ndi vuto lake. Mlombwa ndi bulugamu wouma zimagwira bwino koma zimang'aluka msanga mukakhoma kufupi ndi kumapeto, pomwe tsanya amangopinda msomali. Thabwa likang'aluka, mphamvu yonse ija yapita. Yambani mwaboola kabowo kocheperako pang'ono kuposa msomali. Ngati chobowolera palibe, gogodani nsonga ya msomali ndi hamala kuti ibunthe. Umalowa mothyola mnofu m'malo moupatula, ngakhale kagwiridwe kamatsikako pang'ono. Musandondozenso misomali pa mzere umodzi wa thabwa.

Chimene chimawononga madenga ambiri ndi matabwa aawisi. Bulugamu wamuwisi amakoma kukhoma, ndipo amisiri amamukonda chifukwa ntchito imathamanga. Koma akamauma amafota, bowo limakhwefuka, ndipo msomali wosalala ungataye mphamvu yake yoposa theka. Lero denga likuoneka lolimba, mphepo yamkuntho ikadzabwera malata akuuluka pamodzi ndi misomali yake. Dikirani matabwa aume kaye, ndipo ngati simungathe kudikira, nsonga ya msomali itulukire kuseri muipinde.

Kukhoma kumutu kwa thabwa, kumene kunadulidwa ndi sowo, nkofooka pa mtengo uliwonse chifukwa msomali umangotsata mizere. Khomani chopendekera kuchokera m'mbali.

Matabwa othiridwa mankhwala oteteza ku chiswe amadya misomali wamba ndi dzimbiri, makamaka pamalo achinyezi. Pamenepo gulani misomali yokutidwa ndi zinki ngakhale ili yodulirapo.