Musanatumize Ndalama ku Japan, Yambani Mwawerengera Msonkho

Mtengo womwe mukuuona pa intaneti si mtengo wofikitsa galimoto ku Luchenza kapena ku Chitakale. Ambiri amakakamira pa chipata cha Songwe chifukwa ndalama yonse anaithera pogula, ya msonkho osasiyako.

Choyamba, onani ngati mtengowo ndi wa FOB kapena CIF. Wa FOB umathera padoko la ku Japan. Wa CIF waphatikiza sitima ndi inshuwalansi mpaka ku Dar es Salaam. Kuchoka pamenepo zonse ndi za m'thumba mwanu: zolipira padoko, ejenti, dalaivala, mafuta. Pepala la bill of lading, lomwe ndi chikalata cha sitima chotulutsira galimoto padoko, likachedwa, galimoto imagona padoko ndipo masiku aulere akatha mumalipira tsiku lililonse.

Msonkho wa MRA umatsata kukula kwa injini ndi chaka chomwe galimoto inapangidwa. Apa mpomwe anthu amapsa. Ogulitsa amakonda kulemba chaka chomwe galimoto inalembetsedwa, chomwe chimatha kusiyana ndi chomwe inatuluka m'fakitale. Pemphani nambala ya chassis, muipereke kwa ejenti wovomerezeka ndi MRA, akuuzeni msonkho wonse musanalipire kalikonse. Sienta ya 1500cc yakale ingaoneke yotchipa ku Japan, koma ukale wakewo ukhoza kukweza msonkho. TPIN yanu, nambala yanu yolipirira msonkho ku MRA, ikhale yokonzeka, ndipo msonkho ulipiridwe kubanki m'dzina lanu, osati m'manja mwa dobadoba.

Mukatenga chikalata cha MRA chosonyeza kuti mwalipira, pitani ku polisi akaunike nambala za injini ndi chassis, kenako ku Road Traffic ku Ginnery Corner ndi khadi lanu la MalTIS (lomwe a Road Traffic amapereka mukalembetsa kwa iwo) kukatenga bulubuku, COF (chikalata chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi nambala ya MJ (Mulanje) kapena TO (Thyolo). Inshuwalansi musaiwale. Ngati mukufuna kunyamula anthu pamsewu wa Limbe ndi Muloza, nenani poyamba pomwe, chifukwa pafunika nambala yofiira ndi chilolezo chake. Kuwonjezera mipando mwamseri kumakugwetsani pa COF.

Kuno kufupi ndi malire kuli msampha wina: galimoto za nambala ya ku Mozambique zotsika mtengo. Yolowa pa chilolezo chakanthawi imayenera kubwerera kwawo. Mukaigula msonkho usanalipiridwe, a MRA akhoza kuilanda, ndipo chindapusa chidzagwera inu, wogulitsa atawoloka kale kupita ku Milange.