Wodwala khansa asamwe mapiritsi a mavitamini asanafunse dokotala

Inu amene mukudwazika munthu wa khansa, alangizi sakusowani. Wina akuti mumugulire mapiritsi a mavitamini kuti atsuke thupi, wina akuti mumumane chilichonse cha shuga kuti khansayo ife ndi njala. Onsewa amanena mwa chikondi, koma ndikukupemphani kuti musathamangire kuchita zimenezi. Chifukwa chake chagona pa tinthu ting'onoting'ono tam'kati mwa maselo athu totchedwa mitokondiriya.

Mitokondiriya ili ngati ng'anjo ya selo. Imawotcha shuga ndi mafuta pogwiritsa ntchito okosijeni, selo n'kupeza mphamvu. Ndipo monga moto susowa utsi, kuwotchaku kumasiya tizotsalira taukali tomwe tikachuluka timawononga selo lenilenilo. Mankhwala otchedwa ma-antioxidant, monga vitamini E ndi beta-carotene, ntchito yake ndi kuzima tizotsalira timeneti.

M'zaka za m'ma 1920, katswiri wa ku Germany, Otto Warburg, anaona kuti maselo a khansa amadya shuga wambiri modabwitsa, ndipo ankaganiza kuti ng'anjo zawo zinawonongeka. Zoti amakonda shuga ananena zoona, moti mpaka lero makina ounikira a PET amapeza zotupa potsata komwe shuga akuthera. Koma zoti ng'anjo zinafa, kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti m'makhansa ambiri zimayaka ndithu, ndipo selo limazidalira kwambiri likafuna kusamuka.

Kusamukako ndiko kumapha anthu ambiri. Chotupa chokhala malo amodzi madokotala amatha kuchichotsa, koma maselo akathothoka n'kulowa m'magazi amakamera ku chiwindi, m'mapapo, m'mafupa kapena mu ubongo. Mwayi wathu ndi wakuti ulendowu ndi wowawa kwa selo la khansa. Ochuluka zedi amafera m'njira, ndipo chimodzi mwa zowapha ndi utsi uja, womwe umachuluka selo likachoka pakati pa anzake n'kumayandama m'magazi. Amene amafika ndi okhawo amene akwanitsa kusintha kayakidwe ka ng'anjo zawo ndi kudzipangira chitetezo.

Ndiye taganizani, mukamwetsa wodwala ma-antioxidant ochuluka, mukutchinjiriza ndani? Mu 2015, gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Sean Morrison ku Dallas, m'dziko la America, linapatsa mbewa zokhala ndi khansa ya pakhungu ya melanoma mankhwala a antioxidant otchedwa N-acetylcysteine, ndipo khansayo inafalikira kwambiri kuposa mwa mbewa zomwe sizinapatsidwe. Mbewa si munthu, inde. Komatu kwa anthu nako chenjezo lilipo. Ku Finland, mwa amuna osuta fodya oposa 29,000, amene ankamwa mapiritsi a beta-carotene anadwala khansa ya m'mapapo mochuluka ndi 18 peresenti, malinga ndi zotsatira za mu 1994. Apa nkhani inali ya kuyamba kwa khansa osati kufalikira kwake, komabe ikutiuza kuti piritsi la vitamini si madzi akumwa. Chinanso, radiotherapy (kuwotcha chotupa ndi cheza champhamvu) ndi ena mwa mankhwala a khansa otchedwa chemotherapy amapha khansa pogwiritsa ntchito tizotsalira taukali tomweti.

Za kumana wodwala chakudya ndiye zimandipweteka mtima kwambiri. Thupi sililola shuga wa m'magazi kutheratu, chifukwa ubongo umamufuna. Mukamana wodwala, chiwindi chimapanga shuga kuchokera ku minofu ya wodwala yemweyo, munthu n'kumangofota. Khansayo siigona ndi njala ayi. Ng'anjo zake zimatembenukira ku mafuta ndi glutamine, chimodzi mwa zinthu zopanga mapuloteni m'thupi. Khansa ya m'mazira a amayi, mwachitsanzo, imakonda kufalikira ku mafuta okuta matumbo n'kumadya pomwepo. Tsiku lolandira mankhwala likafika, wodwala wowonda ndi wofooka nthawi zina amabwezedwa chifukwa thupi silingapirire.

Choncho chitani izi. Popita kuchipatala, nyamulani mabotolo onse amene wodwala akumwa, a mavitamini, a ufa, azitsamba, ndipo muwaike patebulo dokotala awaone. Musachite manyazi, ndipo musabise ngakhale limodzi. Ngati dokotala yemweyo walemba vitamini kapena ayironi chifukwa wapeza kuti akuperewera m'thupi, wodwala amwe monga mwa malangizo. Zipatso ndi ndiwo zamasamba adye momasuka, pakuti muyezo wa m'chakudya ndi wochepa poyerekeza ndi wa m'piritsi. Muzimuyeza sikelo sabata iliyonse ndi kulemba, ndipo thupi likamatsika kanenetseni msanga.

Mwina mwamvanso kuti metformin, mankhwala a matenda a shuga, amafooketsa mitokondiriya. Ndi zoona, koma atamuyesa kwa amayi zikwi zingapo odwala khansa ya m'mawere, zotsatira za mu 2022 zinaonetsa kuti sanaletse khansa kubwerera. Musakabwereke mapiritsi a wina. Amene ali ndi matenda a shuga apitirize kumwa ake monga anauzidwira.

Wodwala akayamba kumva kuwawa kwa fupa kapena msana kosaleka ngakhale usiku, chifuwa chosatha, kupuma mobanika, mutu wopweteka pamodzi ndi kusanza, maso achikasu, kapena miyendo ikachita dzanzi n'kufooka, musadikire tsiku limene anakulemberani. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.