Faiba ku UK: onani kaye postcode musanasaine

Abale amene mwangofika kumene kuno ku UK, makamaka inu a ntchito za care amene mumasamukasamuka malinga ndi komwe ntchito yakutengerani, nkhani ya intaneti ya m'nyumba musaithamangire ayi. Mawu oti faiba amalembedwa paliponse koma si zofanana. Pali faiba yeniyeni, full fibre, imene chingwe chake chimalowa mpaka m'nyumba mwanu n'kukathera pa kabokosi ka pakhoma kotchedwa ONT. Ndiye pali inayo yomwe faiba imathera pa bokosi lobiriwira la mumsewu lija, kuchoka pamenepo kufika kwanu ndi waya wakale wa telefoni, spidi yake sipitirira 80 Mbps ndipo mukakhala kutali ndi bokosilo imatsikirabe. Kuyambira September 2024 Ofcom, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti kuno ku UK, inalamula makampani kuti azinena poyera kuti akukugulitsani iti, ndiye funsani, musachite manyazi.

Lipoti la Ofcom la 2024 linati nyumba 69 mwa 100 zilizonse ku UK zinali zitafikiridwa ndi full fibre, koma olumikizadi anali pafupifupi m'modzi mwa atatu basi. Openreach, kampani yoyala zingwe zimene makampani ambiri a intaneti amagwiritsa ntchito, inalengeza kuti ikufuna kufika pa nyumba ndi mabizinesi 25 miliyoni pofika kumapeto kwa 2026. Koma manambala a dziko lonse inu sakuthandizani kwenikweni, chofunika ndi keyala yanu, poti zimatheka msewu umodzi womwewo mbali ino ilipo mbali inayo kulibe. Lembani postcode pa checker ya Ofcom kapena ya Openreach, kenako yesaninso makampani ena a faiba monga CityFibre, Hyperoptic ngati muli m'mafulati, Community Fibre ngati muli ku London. Ku Hull ndi kwa KCOM. Makampani ang'onoang'onowa nthawi zambiri amatchipako.

Tsopano pomwe ambirife timapsa ndi pa kontirakiti. Zambiri ndi za miyezi 18 kapena 24. Ine ndinasaina ya 24 ndili m'chipinda cha lendi, patangotha miyezi 7 ntchito inandisamutsa, kumene ndinapita kampaniyo kunalibe chingwe chake, ndalama yothetsera kontirakiti inandiwawa mpaka mwezi umenewo kumudzi sindinatumize kanthu, amayi kumangofunsa pa WhatsApp ngati ndikudwala. Musanasaine funsani kuti ndikasamukira komwe inu kulibe zikhala bwanji, ndipo yankho lake likhale lolemba. Ngati simukudziwa kuti chaka chamawa mudzakhala kuti, tengani ya mwezi ndi mwezi kapena rauta ya 5G, ndi yodulirapo koma mumanyamula ngati ketulo.

Landilodi muuzeni kaye, chifukwa enjiniya akabwera amaboola khoma. M'mafulati nthawi zina pamafunikanso chilolezo cha mwini bilidingi yonse ndipo zimenezo zimachedwa heve.

Mtengo umakwera pakati pa kontirakiti, kawirikawiri cha mu April, koma kuyambira 17 January 2025 akuyenera kukuuzani posaina kuti adzakweza ndi mapaundi angati. Kusintha kampani pano n'kosavuta, ndi One Touch Switch mumangolankhula ndi yatsopanoyo, iwo ndi amene amakathetsa kwa yakale. Mukamva za social tariff, intaneti yotchipa ya anthu opeza movutikira, musasangalale msanga, zambiri zimafuna munthu wolandira Universal Credit, ndalama ya chithandizo ya boma, ndipo ife a viza yolembedwa no recourse to public funds, kutanthauza kuti sitiloledwa kulandira chithandizo choterocho, sitilowamo.

Za spidi musapusitsidwe ndi 900 Mbps. Video call ya kumudzi ikamaduladula nthawi zambiri vuto ndi netiweki ya uko kapena bando yatha, inu 100 kapena 150 Mbps ikukwanirani ngakhale muli anayi m'nyumba. Komanso ONT ndi rauta zimayendera magetsi, akazima ndiye kuti intaneti ndi foni ya m'nyumba zonse zii. Anzathu a ku Joni amene ali pa faiba ya Vumatel kapena Openserve izi anaziphunzira kale nthawi ya loadshedding, anagula tima UPS tating'ono, timabatire tosunga magetsi, n'kumatikhazika pambali pa rauta.