Momwe timu ya kiriketi ingadzitetezere katswiri wake akamavulalavulala

Mphunzitsi amene ali ndi woponya mpira waliwiro ngati Jofra Archer wa timu ya England amafuna kumuseweretsa nthawi zonse, ndipo mavuto amayambira pomwepo. Archer ndiye anaponya ova yotsiriza (ova ndi mipira isanu ndi umodzi yoponyedwa motsatizana ndi munthu mmodzi) pamene England inkatenga chikho cha dziko lonse pa bwalo la Lord's ku London pa 14 Julayi 2019, koma kuchokera mu Febuluwale 2021 mpaka mu Julayi 2025 sanasewere nawo masewero a Test (a pakati pa mayiko, otha kutenga masiku asanu) ngakhale amodzi, chifukwa cha chigongono ndi msana. Timu yokhala ndi munthu wotere iyenera kukonza dongosolo lake ngati kuti iye palibe, kuti akapezeka angowonjezera mphamvu.

Yambani ndi kuwerenga maova. Kaputeni akaona kuti omenya mpira a timu inayo akhazikika ndipo palibe amene akutulutsidwa, dzanja lake limangoloza kwa katswiri uja kuti aponyenso. Mu Novembala 2019, ku Mount Maunganui m'dziko la New Zealand, Archer anaponya maova 42 m'gawo limodzi lokha la masewero olimbana ndi New Zealand, yomwe ndi mipira yosachepera 252, uliwonse wofuna kuthamanga, kudumpha ndi kuponda mwamphamvu ndi mwendo wakutsogolo. Kumayambiriro kwa 2020 madokotala anapeza mng'alu pa fupa la chigongono chake chakumanja. Mng'alu wa mtundu umenewu subwera tsiku limodzi, chifukwa fupa limatopa pang'onopang'ono likamalandira katundu lisanapume mokwanira. Choncho malire a maova pa tsiku, pa sabata ndi pa mwezi alembedwe masewero asanayambe, kuphatikizapo mipira yoponyedwa pokonzekera, ndipo dokotala wa timu akhale ndi mphamvu zoletsa kaputeni. Kaputeni amene masewero amuthina si munthu womusiyira chiganizo chimenechi.

Musasankhe munthu amene sanachiriretu, ngakhale iye mwini atalumbira kuti ali bwino. Malamulo a masewero a Test salola wolowa m'malo mwa wovulala kuponya kapena kumenya mpira; amangothandiza kuwakha ndi kutola mipira. Kuyambira mu Ogasiti 2019 wolowa m'malo mwa amene wagundidwa mutu amaloledwa kuchita zonse, koma lamuloli silikhudza katumba kapena msana. England inalawa zimenezi pa bwalo la Edgbaston ku Birmingham mwezi womwewo, ikulimbana ndi Australia: woponya mpira wake James Anderson, yemwe anali atangochira kumene katumba wa mwendo, anaponya maova anayi okha n'kutuluka, anzake n'kusenza ntchito yake masiku otsalawo, ndipo Australia inapambana ndi marani (mapointi a kiriketi) 251. Njira yabwino ndi yakuti wochirayo ayambe wasewera masewero athunthu a timu yaing'ono, kenako muone m'mene wadzukira m'mawa mwake.

Katswiri akakhala wodziwa kuponya komanso kumenya, ngati Ben Stokes wa England, kuvulala kwake kumasiya mipata iwiri, motero lembanitu mndandanda wachiwiri wa osewera 11 wosonyeza amene adzatenge maova ake ndi amene adzamenye pa nambala yake mu mndandanda wa omenya. Achinyamata odzalowa m'malowo apatsidwe masewero enieni katswiri akadali wamphamvu, asamangonyamula madzi.

Ndalama nazo zisapite kwa munthu mmodzi. Mu 2022 timu ya Mumbai Indians ya ku India inagula Archer ndi marupi 80 miliyoni ikudziwa kuti chaka chimenecho sasewera, ndipo mu 2023 anangosewera masewero asanu chigongono n'kuyambiranso.

Chovuta kwambiri ndi kudikira, poti ochemerera ndi atolankhani amafunsa tsiku ndi tsiku za kubwerera kwake. Musalengeze tsiku lobwerera, chifukwa tsiku likalengezedwa madokotala amayamba kuthamangitsana nalo m'malo moyang'ana fupalo. Pat Cummins wa ku Australia anasewera Test yake yoyamba ku Johannesburg mu Novembala 2011 ali ndi zaka 18, koma kuvulala kwa phazi ndi msana kunachititsa kuti yachiwiri aisewere mu Malichi 2017 ku Ranchi m'dziko la India. M'zaka zapakatizo ankawonekera m'masewero afupiafupi, a maova 20 ndi a maova 50, pamene thupi lake linkakhwima, ndipo mu Novembala 2021 anasankhidwa kukhala kaputeni wa timu ya Test ya Australia.